Kulira kwa Modemu ku Rosettenville

Tinaikankha pa tolole ya m'golosale
kuchokera ku Turffontein mpaka kuchipinda chathu chakuseri,
malume a Fulatira kutsogolo,
ine pambuyo nditakumbatira sikirini
yolemera ngati thole.
Abwana awo anali ataitaya pamodzi ndi nsapato za gofu.
"Ikadali ndi mpweya," anatero malume,
ngati akunena za wodwala.

Khungu lake linali la mano a wosuta fodya.
Ukaiyatsa inkayamba yakhosomola,
kenako kuganiza, kuganiza,
ife n'kutereka tiyi, n'kumwa, n'kutsuka makapu,
iyo ikadavalabe.

Lamya inali ya eni nyumba, Mayi Ferreira.
Nthambo tinaidutsitsa pazenera la bafa,
pamwamba pa chingwe choyanikapo zovala.
Pangano linali lakuti seveni koloko usiku, mtengo ukatsika,
mphindi makumi awiri, osapitirira.

Ndiye kulira kuja!
Tii, tii, kwerrr,
ngati nkhululu zatsekeredwa m'chitini,
tswaaa ngati anyezi wagwera m'mafuta,
kenako zii.
M'zii mmenemo tonse tinkaiwala kupuma.
Talowa.

Kwathu kunalibe wa kompyuta.
Tinkalembera a Likambale, mlembi wa pakoleji ku Zomba,
iwo n'kusindikiza papepala
n'kupatsira kondakitala wa basi ya ku Jali.
Kalata yodumpha malire atatu m'kuphethira kwa diso
inkamaliza ulendo wake panjinga yakapalasa.

Loweruka chipinda chinkadzaza:
alonda, akhukhi, atelala, a m'magaladeni,
aliyense ndi mawu ake m'thumba la jekete.
Ine wa zaka khumi ndi zitatu ndinali kalaliki wawo,
zala ziwiri kujompha zilembo ngati nkhuku padzala.
Kiyibodi sinkadziwa kadenga ka pa ŵ,
choncho dziko lathu tinkalilemba lopanda chipewa.
Ndinadziwa amene ali m'ngongole,
amene wakwatira kuno osauza kwawo,
amene akuti "lemba kuti ndili bwino"
chala chikusuzumira kunsonga kwa nsapato.
Sindinaululepo. Ngakhale pano sindikutchula maina.

Koma a Zelifa ndiwatchula.
Mwana anamusiya asanayambe kuyankhula,
ndipo usiku wina chithunzi chake chinabwera
mzere ndi mzere, kuyambira pamwamba:
khoma la koleji,
tsitsi lometedwa ndi sizasi,
chipumi,
maso,
mphuno ikungoyamba kumene,
apo Mayi Ferreira ananyamula lamya m'nyumba yaikulu
kuti aimbire mchemwali wawo,
nthambo n'kufa.
Palibe anadandaula.
A Zelifa anapukuta sikirini ndi nsonga ya chitenje.
"Maso ndi anga," anatero.
Pakamwa anadikira mpaka Loweruka linalo.

Tinaisiya chaka chija tinasamuka usiku osatsanzika.
Sinali katundu wothamanga naye.
Malume nawo anabwerera kwawo
m'ngolo yokokedwa kumbuyo kwa basi,
pakati pa mafiriji ndi matumba a eni ake.

Lero Joni yense ali m'thumba mwanga, ndi Jali yemwe.
Nkhope ya mayi imafika yathunthu, ikuyenda, ikuseka,
ine ndili m'takisi pa Bree
n'kuti, "Ndikuimbirani, ndatanganidwa,"
tsiku n'kutha, sabata n'kutha.

Chimene ndinapulumutsa ndi disiketi imodzi yabuluu,
yolembedwa ndi dzanja la malume: MAKALATA 3.
Ndinapita nayo kwa okonza mafoni mu Small Street.
Mnyamatayo anaitembenuza uku ndi uku
n'kufunsa ngati ndi choikapo kapu.

Ndinayesa kumufotokozera.
Mawu atandithera ndinangoyamba ndi pakamwa,
tii, tii, kwerrr,
bambo waimvi pakati pa sitolo,
anthu akucheuka.
Ndinapitiriza mpaka pa zii paja,
n'kuima pamenepo, nditagwira mpweya,
kudikira kuti mwina tilowa.